Kakonzedwe ka bridge ya tremolo pa gitala ya magetsi

Magitala ambiri a magetsi amene amaimbidwa m'matchalitchi, m'zikwati ndi m'malo ogona alendo kuno ku Salima, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay ndi ku Chipoka, ndi opangidwa motsanzira Stratocaster, gitala imene kampani ya Fender inatulutsa m'chaka cha 1954. Ena ndi a Squier, ena ndi a Yamaha Pacifica, ndipo ochuluka ndi aja opanda dzina lodziwika amene anthu amabwera nawo kuchokera ku Lilongwe kapena ku South Africa. Pafupifupi onsewa ali ndi bridge (chitsulo cha pa thupi la gitala chimene chimagwira nsambo) yogwedezeka yotchedwa tremolo, ija imene woimba amaikankha ndi kandodo kachitsulo kuti mawu atsike kapena anjenjemere, ndipo bridge imeneyi ndi imene imabweretsa dandaulo lomveka kawirikawiri lakuti gitala siisunga tchuni. Oimba ambiri akatopa nayo amangozula kandodoko n'kukaponya m'chikwama, koma vuto silitha, chifukwa chimene chimasuntha tchuni chili mkati mwa gitala ndipo chimagwirabe ntchito ngakhale kandodo kachotsedwa.

Musanamange kapena kumasula chilichonse, tembenuzani gitala ndi kuchotsa chivundikiro chapulasitiki cha kumbuyo kuti muone zimene zili m'dzenjemo. Muona buloko yachitsulo yolemera imene yamangidwa kunsi kwa bridge, momwe mumalowa nsambo. Muonanso masipuling'i, nthawi zambiri atatu ngakhale kuti malo alipo a asanu, okoledwa mbali imodzi ku buloko ndipo mbali ina ku kachitsulo ka mano asanu kotchedwa claw, komwe kamangidwa m'thabwa ndi masikuluwu awiri aatali. Nsambo zimakokera bridge ku khosi la gitala, ndipo masipuling'i amaibweza. Zili ngati sikelo ya mbale ziwiri yoyezera mpunga: mukawonjezera kanthu mbali imodzi, mbali inayo imakwera, ndipo simungakhudze mbale imodzi osasuntha inzake. Nsambo za 10–46 (manambalawa amasonyeza kukhuthala kwa nsambo yaing'ono ndi yaikulu pa seti) zikatchunidwa bwino zimakoka ndi mphamvu yopitirira pang'ono makilogalamu 45, pamene za 9–42 zimakoka ndi makilogalamu pafupifupi 38, ndiye munthu amene wasintha kukula kwa nsambo osakhudza claw asadabwe akaona kumbuyo kwa bridge kwatukuka m'mwamba. Pa claw pali kawaya kowotcheredwa kochokera ku magetsi a gitala. Kawayako musakadule kapena kukakoka, chifukwa kakaduka gitala imayamba kulira mu amplifier ndi phokoso losatha ngakhale mwagwira nsambo.

Zipangizo zofunika si zambiri. Mukhale ndi sikuludiraiva ya nyenyezi yokwana bwino pamitu ya masikuluwu a claw, ina yaing'ono ya kumbuyo kwa ma saddle (tizitsulo ta pa bridge tomwe nsambo zimagonapo), rula yachitsulo yoonetsa mamilimita, capo (kachipangizo kokanikiza nsambo zonse pakhosi), tuner (kachipangizo koyezera tchuni) ndi ma Allen key (makiyi a makona 6). Tuner ya mufoni ikhoza kukwanira ngati muli pamalo opanda phokoso, koma yolumikiza ndi chingwe ndi yodalirika kwambiri. Pa ma Allen key mpofunika kusamala, chifukwa timasikuluwu tokwezera ma saddle pa magitala opangidwa ku Asia nthawi zambiri timafuna kiyi ya 1.5 mm, pamene pa Fender ya ku America timafuna ya 0.050 ya inchi. Makiyi awiriwa amaoneka ofanana, koma mukakakamiza yolakwika kabowo ka sikuluwu kamafufutika, ndipo kuti mupeze ina muyenera kuyenda ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kupita ku Lilongwe.

Ntchito yonseyi ichitike pa nsambo zatsopano, za kukula kumene mwasankha kuti muzigwiritsa ntchito nthawi zonse. Nsambo zakale zodyeka ndi dzimbiri sizilira mofanana m'litali mwake, ndipo mukayeza nazo mumataya nthawi pachabe. Pozikulunga kumutu kwa gitala, nsambo zazikulu zizungulire kawiri kapena katatu, zazing'ono zipitirireko pang'ono, ndipo mzere uliwonse ukhale pansi pa unzake popanda kukwerana. Mukatha, tchunani, kenako kokani nsambo iliyonse m'mwamba ndi zala pang'onopang'ono m'litali mwake monse, tchunaninso, ndipo bwerezani mpaka itasiya kutsika.

Kenako muone khosi, chifukwa kukonza bridge pa khosi lopindika mopitirira n'kungodzivutitsa. Ikani capo pa fret yoyamba (ma fret ndi tizitsulo topingasa ta pakhosi), kanikizani nsambo yaikulu ya E pa fret yomaliza, ndipo yang'anani mpata wa pakati pa nsambo ndi pamwamba pa fret ya 8. Pa khosi la mtundu wa Stratocaster mpatawu uyenera kukhala pafupifupi 0.25 mm. Amakanika a njinga zamoto amakhala ndi feeler gauge yoyezera mavavu, ndipo mukhoza kubwereka, koma pali njira yapafupi: kachidutswa kamene mwadula ku nsambo yaing'ono ya E ya seti ya 10–46 n'kokhuthala 0.010 ya inchi, womwe ndi muyeso womwewo. Kakalowa mumpatamo mongokhudza, khosi lili bwino. Mpata ukakula, mangani truss rod (chitsulo cha mkati mwa khosi chimene chimaliwongola), ukasowa, imasuleni. Musapitirire kota ya mzunguliro nthawi imodzi, ndipo mukamva kuti yalimba musaikakamize, chifukwa truss rod ikathyoka nthawi zambiri pamafunika khosi lina. Thabwa limasuntha ndi nyengo, choncho muyeso umene mwaupeza m'kutentha kouma kwa Okutobala muuyezenso mu Febuluwale, chinyezi cha dzinja chitalowa m'nyumba.

Tsopano tifike pa bridge yeniyeniyo, ndipo tiyambe ndi kutsogolo kwake, komwe imapendekera. Pa magitala ambiri a kuno pali masikuluwu 6 ondandalikana kutsogolo kwa ma saddle. Anthu ambiri akawaona amaganiza kuti ayenera kumangidwa zolimba, koma akatero mitu yake imakanikiza mlomo wa bridge, umene ndi wosemedwa mopendekeka kunsi kwake, ndipo kumbuyo kumatukuka kapena bridge imayenda mokakamira. Njira imene Fender imalangiza ndi iyi: bridge itagona pathabwa, masulani masikuluwu onse 6 mpaka mitu yake itakwera pafupifupi 1.6 mm pamwamba pa chitsulo, kenako bwezani awiri a m'mphepete okha mpaka atangokhudza chitsulocho popanda kuchikanikiza. Bridge izipendekera pa awiriwo, pamene anayi apakati akungoiteteza kuti isasunthire kutsogolo. Ngati gitala yanu ili ndi mizati iwiri m'malo mwa masikuluwu 6, lamulo lalikulu ndi lakuti musapotokole mizatiyo nsambo zili zokoka. Malo amene bridge imakhudza mzati ndi akuthwa, ndipo mukapotokola mzati pansi pa mphamvu ya makilogalamu 45 mumabunthitsa malowo, makamaka pa magitala otchipa omwe chitsulo chake n'chofewa. Masulani kaye nsambo, sinthani mzati, kenako tchunaninso.

Apa ndi pamene muyenera kusankha kakhalidwe ka bridge yanu, ndipo chisankho chimenechi n'chofunika kuposa muyeso wina uliwonse. Bridge ikhoza kugona pathabwa, kapena ikhoza kuyandama, kumbuyo kwake kutakwera pang'ono. Yoyandama imalola kutsitsa ndi kukweza mawu, ndipo kunjenjemeretsa kwake n'kofewa komanso kokoma. Koma ili ndi mtengo wake. Mukakoka nsambo imodzi ndi chala kuti mawu akwere, zinzake zimatsika pang'ono. Mukatsamiritsa dzanja pa bridge, monga amachitira oimba reggae ndi nyimbo zambiri zauzimu pofuna kuchepetsa kulira kwa nsambo, mawu onse amakwera. Choopsa kwambiri n'chakuti nsambo imodzi ikaduka, masipuling'i amapambana ndipo zisanu zotsalazo zimakwera nthawi yomweyo, moti simungamalize nyimbo. Kwa munthu woimba pa ukwati ku Lifuwu kapena pa msonkhano wa tchalitchi kumene kulibe gitala yachiwiri, ndipo nsambo zapadera mwina ndi seti imodzi yokha, ine ndimaona kuti bridge yogona pathabwa ndiyo yoyenera. Yoyandama aisankhe okhawo amene amagwiritsadi ntchito kandodo pokweza mawu.

Kugoneka bridge n'kosavuta. Gitala ili yotchunidwa, mangani masikuluwu awiri a claw mofanana, theka la mzunguliro uku ndi theka uko, kenako tchunaninso, ndipo pitirizani mpaka kumbuyo kwa bridge kutakhudza thabwa. Poyesa, kokani nsambo ya G pa fret ya 7 kuti ikwere ma fret awiri, uku mukuyang'ana kumbuyo kwa bridge ndiponso kumvetsera nsambo yaikulu ya E. Bridge ikatukuka kapena E ikatsika, wonjezerani kumanga pang'ono. Mukafika poti siikusuntha, lekani pomwepo, chifukwa kumanga mopitirira kumangolimbitsa kandodo popanda phindu lililonse. Ngati claw yafika pafupi ndi khoma la dzenje koma bridge ikutukukabe, wonjezerani sipuling'i yachinayi m'malo moumiriza masikuluwu. Nthawi zina sikuluwu ya claw imangozungulira osagwira chifukwa thabwa ndi lofewa ndipo bowo lakula. Zikatero masulani nsambo, chotsani masipuling'i, lowetsani m'bowomo timitengo ta machesi topaka guluu wa matabwa, dikirani usiku wonse, ndipo mawa lake mangani sikuluwuyo.

Kuyandamitsa bridge ndi kumene kumataya anthu mtima, chifukwa ukatchuna nsambo imodzi zinzake zimasuntha, ukakonza claw tchuni yonse imasintha, ndipo munthu akhoza kuzungulira chonchi tsiku lonse. Muyeso umene Fender imapereka ndi mpata wa 3.2 mm pakati pa thabwa ndi kumbuyo kwa bridge, ndipo njira yachidule yoti mufikepo ndi kuyamba mwaimitsa bridge kuti isasunthe. Tengani makadi anayi apulasitiki, monga a kubanki otha ntchito kapena aja aakulu amene SIM card imabweramo. Khadi lililonse ndi lokhuthala pafupifupi 0.76 mm, ndiye anayi pamodzi amangopitirira pang'ono 3 mm. Kankhani kandodo pansi kuti kumbuyo kwa bridge kutukuke, lowetsani makadiwo pansi pake, ndipo mangani claw mpaka bridge itawakanikiza zolimba. Tsopano bridge yaima pamalo amene mukufuna, ndipo mukhoza kutchuna nsambo iliyonse kamodzi popanda kusokoneza inzake. Makadiwo musawachotse msanga. Asiyeni momwemo kufikira mutamaliza kukonza kutalika kwa nsambo pamwamba pa ma fret ndi intonation, zimene zafotokozedwa m'munsimu. Zonse zikatha, yambani kumasula masikuluwu a claw mofanana, kota ya mzunguliro nthawi imodzi, uku mukukoka makadiwo mopepuka ndi zala. Idzafika nthawi imene adzatuluka okha popanda kukakamira, ndipo pamenepo mphamvu ya nsambo ndi ya masipuling'i zalingana. Yang'anani tuner popanda kukhudza zotchunira za kumutu: mawu akakhala okwera, masulani claw pang'ono, akakhala otsika, imangeni pang'ono, mpaka tchuni itabwerera pamene inali.

Kutalika kwa nsambo pamwamba pa ma fret kumakonzedwa pa ma saddle, tizitsulo 6 tomwe nsambo zimagonapo. Yezani kuchokera pamwamba pa fret ya 17 kufika kunsi kwa nsambo. Poyambira pabwino ndi 1.6 mm, ngakhale kuti munthu woimba mwamphamvu amafuna pafupifupi 2 mm ku nsambo zazikulu kuti zisamakhudze ma fret. Saddle iliyonse ili ndi timasikuluwu tiwiri, ndipo tonse tiyenera kuponda pansi mofanana, chifukwa kamodzi kakalendewera kamanjenjemera ndi kutulutsa kaphokoso kamene anthu amakafunafuna kwina. Popeza pamwamba pa khosi ndi pokhota pang'ono, ma saddle apakati amakhala okwera kuposa a m'mphepete, ndipo zimenezi zimachitika zokha ngati mukuyeza nsambo iliyonse payokha. Mukatha, imbani fret iliyonse, ndipo kokani nsambo zazing'ono pamwamba pa fret ya 12 kuti muone ngati mawu sakufera m'njira.

Intonation ndi imene imapangitsa kuti gitala ilire zoona m'khosi monse. Oimba lead ya rumba ndi sebene, amene amakhalitsa pamwamba pa fret ya 12, ndiwo amavutika kwambiri ikalakwika, chifukwa gitala imaoneka yotchunidwa pa tuner koma ikamaimba limodzi ndi kiyibodi imamveka yosemphana. Pa Stratocaster mtunda wa kuchokera pa nut (kachidutswa ka tingalande kamene nsambo zimadutsapo pafupi ndi mutu wa gitala) kufika pa saddle ya E yaing'ono umayambira pa 648 mm, ndipo ma saddle enawo amabwerera kumbuyo pang'onopang'ono. Nyamulani gitala monga mumaimbira, osati itagona patebulo, tchunani nsambo popanda kuikanikiza, kenako ikanikizeni pa fret ya 12 ndi mphamvu imene mumaimbira nthawi zonse. Ngati mawu a pa fret ya 12 ndi okwera, nsambo ndi yaifupi, choncho mangani sikuluwu ya kumbuyo kuti saddle ibwerere kutali ndi khosi. Ngati ndi otsika, imasuleni kuti saddle ipite kutsogolo, ndipo muikankhe ndi chala chifukwa nthawi zina imatsalira. Pobweza saddle kumbuyo yambani mwamasula nsambo pang'ono, kuopa kufufuta mutu wa sikuluwu kapena kudula nsambo. Mukamaliza zonse 6 mudzaona kuti ma saddle apanga masitepe awiri, atatu a nsambo zazing'ono ndi atatu a zazikulu, ndipo imodzi ikapatuka kwambiri pamzerewu kawirikawiri vuto limakhala la nsamboyo. Tuner ikamagwedezeka osakhazikika pa E yaikulu, tsitsani ma pickup (tizipangizo ta pansi pa nsambo totola mawu) pang'ono, chifukwa maginito ake akayandikira kwambiri amakoka nsambo ndi kusokoneza kalilidwe kake.

Zonsezi zikachitika, gitala ikhoza kumatayabe tchuni mukagwiritsa ntchito kandodo, ndipo pamenepa mpofunika kufufuza mwadongosolo m'malo mobwerera ku claw. Kankhani kandodo pansi, kasiyeni, ndipo yezani nsambo iliyonse. Ngati nsambo imodzi kapena ziwiri zokha, makamaka G, zabwerera zili zokwera, ndiye kuti zikukakamira pa nut, ndipo nthawi zambiri mumamva kaphokoso kakuti "ting" mukamatchuna. Tukulani nsamboyo, pakani mtovu wa pensulo m'kangalande kake, ndipo chitani chimodzimodzi kunsi kwa kachitsulo kokanikiza nsambo kumutu kwa gitala. Ngati munachoka ku nsambo za 9 kupita ku za 10, kangalandeko kakhoza kukhala kothina, ndipo mukhoza kukakulitsa m'mbali ndi sandpaper yosalala yopindidwa pawiri, koma musakumbe pansi pake, chifukwa kakazama nsambo imagona pa fret yoyamba ndipo nut yonse imafunika kusinthidwa. Ngati nsambo zonse zabwerera zotsika mutakankha, n'kubwerera zokwera mutakoka, vuto lili pamene bridge imapendekera. Onaninso masikuluwu 6 aja, ndipo ikani kadontho ka mafuta a makina osokera kapena Vaseline pang'ono pansi pa mitu yake.

Kandodo nakonso kamafuna chisamaliro. Ulusi wa kandodo ka Fender ya ku America, kutanthauza timizere tozungulira tomwe kamamangira mu buloko, ndi wosiyana ndi wa magitala a ku Asia, choncho kobwereka kwa mnzanu kakakana kulowa musakaumirize. Mukamanga kolondola, lekani kakangoyamba kulimba, chifukwa kakathyokera mkati mwa buloko n'kovuta kukatulutsa, ndipo mabuloko otchipa amang'ambika pabowopo. Kakamagwedera, kulungani ulusi wake ndi tepi yoyera ija amagwiritsa ntchito okonza mipope.

Madzi a nyanja yathu alibe mchere, koma thukuta lili nawo, ndipo aliyense amene anaimbapo masana mu Novembala ku Senga Bay akudziwa mmene dzanja limanyowetsera bridge. Thukuta limenelo limalowa m'timasikuluwu ta ma saddle, makamaka ta E ndi A pomwe dzanja limatsamira, ndipo pakapita miyezi timagwidwa ndi dzimbiri moti sititembenukanso. Mukamaliza kuimba pukutani nsambo ndi bridge ndi kansalu kouma, ndipo posintha nsambo tsukani ma saddle ndi mswachi wakale kuti muchotse fumbi ndi mchenga, kenako dontheziranimo mafuta ochepa. Kasikuluwu kakagwidwa kale, kanyowetseni ndi mafuta n'kukasiya tsiku lathunthu musanayese kukatembenuza. Gitala imene yayenda padzuwa kumbuyo kwa lole musaitchune itangofika. Isiyeni kanthawi mumthunzi, chifukwa nsambo zotentha zimatsika, ndipo mukazitchuna zili choncho zimakwera zikazizira.

Magitala ena, makamaka a Ibanez ndi ofanana nawo, ali ndi bridge ya mtundu wa Floyd Rose, imene inapangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo imatseka nsambo mbali zonse ziwiri, pa nut ndi pa saddle. Kulingana kwa nsambo ndi masipuling'i n'chimodzimodzi, koma apa bridge iyenera kukhala yolunjika ndi pamwamba pa gitala, osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo. Popeza pansi pake nthawi zambiri pamakhala dzenje, makadi aja sangagwire ntchito pamwamba. M'malo mwake semani kathabwa kolowa pakati pa buloko ndi khoma la dzenje la kumbuyo, mbali yotalikirana ndi khosi, masulani claw kuti nsambo zikanikize buloko pa kathabwako, tchunani, kenako mangani claw mpaka kathabwako katagwa kokha. Pa Floyd Rose yeniyeni zotsekera za pa nut ndi za nsambo zimafuna Allen key ya 3 mm, ndipo zosunthira saddle zimafuna ya 2.5 mm. Sinthani nsambo imodzi imodzi kuti bridge isagwere m'dzenje, ikani tizotchunira ta pa bridge pakatikati musanayambe kuti mukhale ndi mpata wokweza ndi wotsitsa, ndipo zotsekera za pa nut muzimange pomaliza penipeni, nsambo zitakokedwa ndi kutchunidwa kuchokera kumutu.